Foni Yakutali Amabukitsa

Nthawi inali itangopitirira 1 koloko masana, ndipo mayi wa pa famasi ya pakona anali atatsala ndi maola osakwana atatu. Pofika 4 koloko, ntchito yake yomaliza ya sukulu yophunzira uli pakhomo inayenera kukhala itafika kwa aphunzitsi pa imelo. Ikachedwa, kudikira chaka china. Kalata ya sukuluyo inanena zimenezi kawiri, kachiwiriko m'zilembo zonenepa, ngati woilembayo ankadziwa anthu amene akuwalembera.

Anthu a mumsewumo ankamutcha Mayi Katatu, chifukwa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anakhala akupereka timapepala ta mankhwala pawindo n'kumati, "Katatu patsiku, mukatha kudya." Mankhwala onse a m'mashelefu ankawadziwa ngakhale atatseka maso. Koma analibe satifiketi, choncho kiyi wa kabati ya mankhwala oopsa ankasungidwa ndi anthu amene iye mwini anawaphunzitsa kuwerenga zolemba za madokotala. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, maso anali atayamba kukana zilembo zing'onozing'ono, ndipo anali atadziuza kale mumtima kuti chaka chino chikalephereka sadzabwerezanso.

Ntchitoyo inali yotha. Masamba makumi atatu ndi awiri, matebulo asanu ndi zithunzi zake. Inali m'kompyuta ya pabalaza, ndipo patsogolo pa kompyutayo panakhala alamu ake.

Alamuwo anali mng'ono wa mwamuna wake. Ankadinda zikalata ku kampani ina ya inshuwalansi, koma chiphunzirireni kosi ya makompyuta ya milungu iwiri, ankayenda ndi kasikuludalaiva m'thumba la malaya pomwe anthu ena amaikapo cholembera. Milungu iwiri yapitayo anabwera ndi madisiki atatu, n'kuchotsa pulogalamu yakale yoyendetsera kompyuta, n'kuikamo ina yaulere, yopangidwa ndi anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana.

"Iyi ndi ya ufulu, alamu," anatero tsikulo. "Mutha kuitsegula n'kuona m'mimba mwake monse."

Mayi Katatu sanafune kuona m'mimba mwa chilichonse. Za m'mimba ankamva zokwanira kuntchito.

Kunena zoona, pulogalamuyo inali bwino. Inkalemba, inkasunga, pulinta inkamvera. Chimene chinakana ndi modemu, kabokosi kotuwa kokhala ndi timagetsi tofiira, kamene kankalumikiza kompyuta ku waya wa foni. Ukakauza kuti kaimbe, kankaimba ndithu. Kankachita tiki-tiki-tiki, kudikira pang'ono, kenako n'kuyamba kulira ngati mphaka wopondedwa mchira, kwinaku makina a mbali inayo akuyankha. Kulirako kusanathe, zii. Pa sikirini pankatuluka mawu awiri okha: NO CARRIER.

Alamu analonjeza kuti abwera Loweruka. Anadutsa Maloweruka awiri. Lero anabwera chifukwa Mayi Katatu anakawatenga yekha pageti pa kampani yawo. Shopu ya makompyuta yomwe inali pasiteji ya basi inasanduka yometera mwezi watha, ndipo ina inali ulendo wa mabasi awiri. M'mawa akanatha kupita. Koma alamu anati, "Zimenezi ndi za mphindi zisanu," ndipo iye anawakhulupirira, mmene munthu umakhulupirira wachibale yemwe wavula jekete n'kupinda manja a malaya.

"Mawu amenewa akutanthauza chiyani?" anafunsa Mayi Katatu akuloza pa sikirini, mwina kachitatu.

"Akutanthauza kuti chingwe chamveka, nambala yalowa, awo ayankha, koma sanagwirane manja."

"Chifukwa?"

"Ndi zimene tikufufuza." Alamu anatsegula windo lakuda lodzaza timawu toyera. "Pulogalamu ina ija ikanakubisirani. Iyi imakuuza chilichonse."

"Ndiye yakuuzani chiyani?"

"Yandiuza kuti sizinatheke."

Anayamba ndi khomo la kumbuyo kwa kompyuta pomwe modemu inalumikizidwa. Anati mwina pulogalamu ikugogoda khomo loyamba pamene modemu ili pa lachiwiri. Anasintha nambala, modemu inangoti duu osaimba n'komwe, anabweza nambalayo n'kunena kuti tsopano atsimikiza. Kenako anati mwina Mayi Katatu alibe chilolezo chogwiritsa ntchito modemu.

"M'nyumba mwanga?"

"M'kompyuta muli malamulo akeake, alamu."

Anamupatsa chilolezocho ndi mizere iwiri, mwaulemu ngati akumupatsa malo omanga. Anayesanso. Tiki-tiki-tiki, kulira, zii.

Cha m'ma 2 koloko anali atatsitsa liwiro la modemu kawiri, atalembanso mawu achinsinsi, atauza modemu kuti isamadikire kulira kwa laini isanaimbe, ndiponso atawonjezera mzere wautali wa zilembo ndi manambala womwe anati anaupeza m'buku la kosi. Anapukusa chingwe. Anauzira mpweya m'kabowo ka foni kukhoma. Anatulutsanso kasikuludalaiva kaja, anakayang'ana, n'kukabwezera m'thumba.

Mayi Katatu anakhala pampando wa pakona, manja pamiyendo. Sanali munthu wokalipa. Zaka za pawindo zinamuphunzitsa kuti munthu amene akudziwa zonse sumutsutsa, umangomufunsa ngati ali ndi mafunso ena. Koma wotchi ya pakhoma inkamveka kwambiri tsiku limenelo.

"Vuto lili kwa iwowo a mbali inayo," alamu anagamula. "Makina awo sakudziwa kulankhula ndi pulogalamu yaufulu. Amaopa."

"Makina amaopa?"

"Eni ake."

Itakwana hafu pasiti 2, anadzuka kukawiritsa madzi. Inali nthawi ya tiyi wa apongozi ake, ndipo tiyi ameneyo sankayang'ana kuti wina ali ndi satifiketi kapena alibe.

Apongoziwo, bambo a mwamuna wake ndi a alamuwo, anasamukira m'nyumbamo milungu iwiri yapitayo, patatha miyezi ingapo akazi awo atamwalira. Ankakhala kuchipinda cha kumapeto kwa kolido. Anabwera ndi sutikesi imodzi, wailesi, ndi foni yakuda yolemera ngati ayironi yamakala, ya belu lenileni m'kati mwake. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi anagwira ntchito pa switchibodi ya matelefoni, kulumikiza anthu ndi timapulagi, mpaka pamene makina anayamba kudzilumikiza okha. Mwamuna wa Mayi Katatu, asanabwerere ku ntchito yake ya m'misewu, anakoka waya kuchokera pabalaza kukafika kuchipindako kuti foni yakudayo izigwira ntchito. Anati mdala asamadzione ngati mlendo.

Mayi Katatu anagogoda ndi chigongono, manja ali ndi thireyi.

"Lowani, mayi."

Apongozi anali pampando, atavala tayi monga mwa masiku onse. Foni inali patebulo kudzanja lamanja, pansi pake atayala kansalu. Mayi Katatu anaika kapu, n'kuyamba kuthira tiyi. Kuchokera pabalaza kunamveka, motsika, tiki-tiki-tiki wa modemu. Alamu anali akuyesanso.

Ndipo belu la foni yakuda linayankha. Silinalire kwenikweni. Linangoti ngiri, ngiri-ngiri, ngati supuni ikukhudza kapu, kutsatira nambala iliyonse imene modemu inkaimba.

Apongozi anakweza chala chimodzi, kuti apepese kaye. Anadikira kuti belu lileke. Ananyamula chomvera mosamala, n'kuchiika kukhutu. Ngakhale pamene Mayi Katatu anaima, kulira kwa mphaka kuja kunkamveka. Mdalayo anakwinya nkhope, anagwedeza mutu, kenako ndi chala chapakati anamenya kawiri timabatani pomwe chomvera chimakhala. Tapu, tapu. Anamveranso. Anamwetulira pang'ono n'kubwezera chomveracho.

Pabalaza, alamu anausa moyo mokweza.

Tiyi anasefukira m'sosala. Mayi Katatu anaimika tipoti.

"Waya wanu uyu akudwala, mayi," apongozi anatero. "Sindinafune kukudandaulitsani, muli ndi zambiri. Chibwerereni ine, belu limangogwedezeka lokha, ukamvera mukungolira mphepo. Ndi mawaya okhudzana penapake, kapena chinyezi m'bokosi la pamtengo. Ukamenya kawiri laini imayera." Anatenga kapu. "Lero lokha ndaikonza maulendo khumi ndi asanu ndi limodzi. Musandithokoze. Munthu sungangokhala n'kumadya."

Mayi Katatu anayang'ana waya wa foniyo. Unkatsika kuseri kwa tebulo n'kukalowa m'kabokosi kukhoma, pafupi ndi phazi lake. Kukoka kamodzi kokha kukanatha nkhani. Anayang'ananso kukhomo. Akanatha kuitana alamu, koma ankawadziwa. Akanabwera ndi mawu onse amene anawasunga kuyambira ali mwana, n'kuwakhuthulira pa bambo awo, ndipo pofika 4 koloko m'nyumbamo mukanakhala anthu awiri osalankhulana, sutikesi yomangidwa, ndi ntchito yake ili chikhalire m'kompyuta.

Anaika tipoti pansi, n'kukhala pamphepete pa bedi.

"Bambo, ndifunse nawo. Nthawi yanu ija, munthu akafuna kulankhula ndi wakutali, nkhani yofunika, munkatani?"

Apongozi anawongola msana. Funso lotere anali atalidikira zaka zambiri.

"Foni yakutali? Timaipatsa laini yakeyake. Ukalumikiza, manja kumbuyo. Palibe wolowapo, ngakhale bwana wa shifiti."

"Nanga mukamva phokoso?"

"Phokoso la pa foni ya eni ndi la eni."

"Chifukwatu phokoso lija," anatero Mayi Katatu, akuyang'ana sosala, "ndi kompyuta yanga. Ikafuna kutumiza kalata imaimbira inzake ya kutali, ndipo chinenero chawo ndi chimenecho. Zimayamba zalonjerana kaye. Wina akalowapo, zimasiyana."

Apongozi anaika kapu pansi osamwa. Anayang'ana foni, anayang'ana chala chawo chapakati, kenako anayang'ana pawindo, pomwe panalibe chilichonse choti n'kuyang'ana kupatula khoma la oyandikana nawo. Mayi Katatu anayamba kupukuta thireyi yomwe inali youma kale.

"Maulendo onse aja?" anafunsa motsitsa.

"Ntchito yanga ya kusukulu ikufunika ifike 4 koloko isanakwane, bambo."

Anakonza tayi, yomwe sinali yopindika. Atatembenuka, nkhope inali itabwerera m'malo mwake, ndipo mawu amene anatuluka anali ena, osalala, a munthu wa pantchito.

"Vuto ndi lakuti simunabukitse."

"Bambo?"

"Foni yakutali amabukitsa, mayi. Sungangolowa pa laini ngati ukulowa m'bafa. Wa pa switchibodi adziwa bwanji?"

"Ndalakwa, bambo."

"Palibe kanthu. Ambiri sadziwa." Anavula wotchi ya pamkono n'kuiika pafupi ndi foni. "Woimba?"

"Ine."

"Woimbiridwa?"

"Sukulu."

"Nthawi?"

"Ikangokwana 3 koloko."

"Mphindi zingati?"

Mayi Katatu sankadziwa. Anatchula nambala imene inabwera pakamwa. "Khumi."

"Khumi. Laini ndi yanu."

Atabwerera pabalaza anapeza alamu atavula nsapato. Pa sikirini panali mawindo anayi akuda, ndipo alamuwo anali ndi nkhope ya dokotala amene watsegula wodwala n'kupezamo zinthu zomwe sizinali m'buku.

"Yesaninso, alamu."

Anayesa. Ulendo uno modemu sinachite ngakhale tiki. Timagetsi tinaphethira kamodzi, pa sikirini n'kutuluka mawu atsopano, amodzi okha: ERROR.

"Tapita patsogolo," alamu anatero. "Uthenga wasintha."

Mayi Katatu anayang'ana wotchi. Kunatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti 3 koloko ikwane. Laini inali yoyera tsopano, koma modemu inali itamwa mankhwala a maola awiri pa matenda omwe sinkadwala. Zoterezi ankaziona pawindo mlungu uliwonse.

"Alamu, mmene munakonzera tsiku loyamba lija, munasunga?"

"Katswiri amasunga chilichonse. Fayilo yoyamba ilipo, ndinaikopera pambali. Koma imeneyo ndi imene inkakana."

"Ibwezereni."

"Alamu, mwaona ntchito imene ndagwira pano? Mzere uwu wokha ndaulemba mphindi makumi awiri."

"Ndauona. Ndi wokongola. Koma ine ndimakhulupirira dzanja lanu loyamba. Tsiku lija munali musanatope, munali mutadya, palibe amene ankakuyang'anani kumsana. Munthu wa kosi salakwitsa poyamba. Amalakwitsa anthu akamamupanikiza."

Alamu anaganizira mawuwa ndipo sanapezemo bodza. Anakanda chibwano.

"Mwa sayansi sizikumveka," anatero, "koma kasitomala ndi kasitomala."

Analemba mzere umodzi waufupi. Anazimitsa modemu, anawerenga mpaka khumi mokweza, n'kuiyatsanso. Itangokwana 3 koloko anadina.

Tiki-tiki-tiki. Mayi Katatu anatchera khutu ku kolido. Kutali, belu linati ngiri-ngiri, n'kusiya. Modemu inayamba kulira. Inalira mokweza, inatsika, inachita ngati ikutsokomola, kenako panabwera mkokomo wautali ngati mvula pa malata, womwe m'nyumbamo unali usanamvekepo kwa milungu iwiri. Ndiyeno zii. Koma ulendo uno timagetsi tonse tinayaka, ndipo pa sikirini panayamba kutsika mizere, wina pansi pa unzake.

Alamu anatsamira kumbuyo pang'onopang'ono.

"Mwaona? Inkafunika kuzunguliridwa kaye. Fayilo yoyamba payokha sikanagwira. Imagwira ukaichotsa, n'kuyesa zina, n'kuibwezera. Zimenezi sakuphunzitsa aliyense."

"Sunthani, alamu."

Anakhala pampandopo, wotentha ndi maola awiri a ukatswiri. Anatsegula imelo, analemba adiresi ya sukulu akuyang'ana pa kalata chilembo ndi chilembo, mmene ankawerengera dzina la mankhwala ofanana ndi ena. Anamata fayilo. Anadina potumizira. Panatuluka kamzere kabuluu, n'kuyamba kukwawa kuchokera kumanzere.

Kankakwawadi. Matebulo asanu ndi zithunzi zija zinali zolemera. Alamu anayamba kufotokoza mmene mawu amasandukira phokoso, phokoso n'kusandukanso mawu, ndipo anagwiritsa ntchito manja onse awiri. Mayi Katatu ankangoti "eya" m'malo oyenera. Kamzere kanafika pakati. Kanaima. Kanaganiza. Kanayambanso.

Katadutsa pang'ono magawo atatu a magawo anayi, anakweza maso kuyang'ana wotchi. Mphindi zisanu ndi zinayi kupitirira 3 koloko.

Anakumbukira nthawi ina ali mtsikana, ataima m'kanyumba ka foni, akulankhula ndi mchemwali wake wa kutali. Pakati pa chiganizo panalowa mawu a munthu wachilendo, aulemu, osalala: nthawi yanu yatha, mukuwonjezera? Anthu a pa switchibodi sankalowa pa foni ya eni. Kupatula pamenepo.

Anadzuka. Silipasi imodzi inatsalira pansi pa tebulo. Sanathamange, chifukwa m'nyumba ya apongozi munthu suthamanga, koma kolidoyo anaidutsa ndi masitepe anayi, ndipo sanagogode.

Apongozi anali ataimirira. Wotchi inali kudzanja lamanzere, pafupi ndi maso. Dzanja lamanja linali kale pa chomvera, zala zitachigwira, chisanadzuke.

Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anayang'ana phazi lopanda silipasi.

"Mukuwonjezera?"

"Ndikuwonjezera, bambo."

"Zingati?"

"Khumi zina."

"Khumi ndi zambiri. Pali ena angafune laini."

"Ndani, bambo?"

Anaganiza. "Zisanu ndi ziwiri," anatero, n'kuchotsa dzanja.

Mayi Katatu sanabwerere pabalaza. Anaima pakhomo pa chipindacho, pomwe ankatha kuona dzanjalo ndi kumva za pabalaza nthawi imodzi. Apongozi anakhala pansi, anaika manja onse awiri pamawondo, maso pa wotchi. Panja panadutsa wogulitsa matsache akuitanira malonda ake, mawu ake n'kumachepa mpaka kumapeto kwa msewu.

Patapita mphindi zinayi, mawu a alamu anamveka.

"Alamu, kamzere kanu katha. Kwabweranso kalata. Akuti alandira, nthawi yake ailemba apa, 3:14. Ndiwerenge yonse?"

"Isiyeni, ndikubwera."

Mayi Katatu anatsamira chitseko. Zaka zitatu za kuwerenga patebulo la kukhitchini zinali zitadutsa pa waya woonda ngati chingwe cha nsapato, n'kukafika. Zoti akhoza kapena ayi zinali za aphunzitsi tsopano.

"Yatha, bambo. Yafika."

Apongozi anayang'ana wotchi komaliza n'kuivala.

"Mwatsala ndi mphindi zitatu," anatero. "Sitibweza."

"Zikomo, bambo."

"Mawa muimbanso?"

"Mwina madzulo, kuona ngati ayankha."

"Mudzandiuze m'mawa. Madzulo laini imakhala yotanganidwa." Anakankhira kapu kwa iye ndi chala chimodzi. "Tiyi uyu wazizira, mayi. Ndipo wina ali m'sosala."

Mayi Katatu anatenga thireyi n'kupita kukhitchini kukawiritsanso madzi. Pabalaza, alamu anali atapeza pepala ndi cholembera, akulemba mwadongosolo masitepe onse amene anatsata, kuyambira pa kuuzira mpweya m'kabowo ka kukhoma, kuti tsiku lina iwo kulibe anthu asadzavutike.